Ndinamusiya m'bwato pakati pa Shire

Netiweki itabwerera pambuyo pa namondwe Freddy, foni yanga inalira ngati yapenga. Mauthenga onse amene anaunjikana masiku aja analowa nthawi imodzi. Ambiri anali a achibale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ofunsa ngati tili moyo. Koma pakati pawo panali wina wochokera ku nambala ya ku Joni, wa munthu amene sindinamuonepo. Anati: "Adimini, ngati mwafa mutiuze, tisiye kudikira." Kumapeto anaikako tinkhope toseka.

Ndinauwerenga nditaima pakhonde, chifukwa m'nyumba mwanga ku Bangula munalibe poponda. Munali amayi, azakhali, mlamu wanga ndi ana ake, ndi banja lina la kwathu ku Makhanga limene linatsika nawo boti limodzi koma linalibe kolowera. Aliyense anabwera ndi zovala za m'thupi basi. Pa nthawiyo n'kuti tisanamve chilichonse za msuweni wanga, amene anatsalira kutsidya kuti apulumutse mbuzi.

Ndikudziwa kuti munthu wa ku Joni uja ankangocheza. Koma nthano imene ankadikirayo, imene ndinkalemba pa Facebook, inkachitikira ku Nchalo ndi m'mbali mwa Shire, ndipo wailesi iliyonse sabata imeneyo inkatchula Nsanje ndi Chikwawa. Sizinkafuna sukulu kuti munthu aganize kuti wolembayo mwina ali m'madzi.

Inenso ndinayamba ndi kulirira gawo lina

Amene mumaonera mafilimu a m'mamemori khadi mukuwadziwa mafilimu aatali a ku India aja, omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a luso lawo, amene amatha kukusekesa ngakhale pa maliro a m'filimu. Mu 2021 ine ndi mlamu wanga tinagwidwa ndi ina mwa imeneyi. Mtsikana wosauka, apongozi oipa mtima, mwamuna wofatsa mopusa. Tinkaionera pafoni usiku, titakhala pamkeka panja chifukwa m'nyumba simunkagoneka ndi kutentha.

Tsiku lina ndinapita kwa mnyamata woika mafilimu pamsika kuti andiikire magawo otsatira. Anati atha, amene amamasulira analekezera pomwepo. Ndinamukalipira ngati iyeyo ndiye mwini filimu. Mwezi wonse ndinkadutsa pa shopu yake n'kumafunsa ngati zabwera, mpaka akandiona ankabisala kuseri kwa kompyuta.

Ndiye ndinangoyamba kulemba ndekha. Ndinatenga anthu a m'filimu aja, ndinawavula zovala za kwawo n'kuwabweretsa kuno kuchigwa. Mtsikana uja anasanduka namwino wongomaliza kumene maphunziro, mwamuna anakhala wodula nzimbe ku Nchalo, apongozi anakhala mayi wa ng'ombe zambiri ku Ngabu, wonyoza aliyense amene kwawo amadya nyika nthawi ya njala. Ndinaika gawo loyamba pa tsamba la Facebook ndi dzina longopeka. Anzanga oonera filimu ija anazindikira anthu awo nthawi yomweyo, ndipo anakondwa kuwamva akulankhula ngati anthu a pamsika wa Bangula.

Mng'ono wanga wa ku koleji ndiye anandiuza kuti zimene ndinkachitazo zili ndi dzina, amati fan fiction, ndipo padziko lapansi pali anthu miyandamiyanda amene amachita zomwezo. Anandionetsa malo a pa intaneti oikapo nthano zotere: FanFiction.net, imene inayamba mu 1998, Wattpad ya ku Toronto imene inayamba mu 2006, ndi Archive of Our Own, imene eni ake amangoti AO3. Ndinasakatula pang'ono, bandulo inatha, ndinabwerera ku Facebook kwanga. Owerenga anga sali kumeneko. Ali pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo amafuna Chichewa chosakaniza ndi kachisena pang'ono.

Lachiwiri ndi Lachisanu

Poyamba ndinkaika gawo ndikangomva kufuna. Owerenga atachuluka anayamba kufunsa masiku, ndipo ndinalengeza kuti Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, 7 koloko madzulo. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Anthu ambiri amaganiza kuti gawo limodzi ndi ntchito ya mphindi zochepa, poti iwo amaliwerenga ali pamzere kuchigayo. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale. Ndikaweruka pamakhala makope oti ndichonge, madzi oti nditunge, nsima yoti ndiphike. Nthano ndinkailemba pafoni ndi zala ziwiri, nthawi zambiri anthu atagona. Mu October ndi November, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, foni inkatentha m'manja mpaka kuzima yokha, ndipo nthawi zina inkapita ndi ndime zimene ndinali ndisanasunge.

Kenako mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la ku Kapichira, pafupi ndi Majete, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Chaka chonsecho magetsi ankabwera ngati mlendo. Batire ya foni inasanduka chinthu choti uigawe mwanzeru: pang'ono kuimbira amayi kutsidya, pang'ono tochi, chotsala nthano. Mu May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti ndipo chilichonse pamsika chinakwera. Koma Lachiwiri linkafikabe, Lachisanu linkafikabe.

Ikakwana 7 koloko gawo lisanatuluke, makomenti ankayamba. "Next." "Tikudikira." "Adimini mwayamba matama." "Musatisiye m'malere." Ena ankalemba zabwino ndithu, zoti munthu uziwerenga kawiri. Mayi wina wa ku Mzuzu ankalemba ndime yonse kufotokoza chifukwa chimene apongozi aja amamukumbutsira apongozi ake enieni. Koma oterowo anali ochepa. Ambiri ankangoponya liwu limodzi lija, "next", ngakhale pansi pa gawo limene ndinalilemba usiku wonse. Sunadziwe ngati aliwerenga n'komwe.

Mlandu wina ndi wa ife olemba tomwe. Masamba ambiri a nthano amati gawo lotsatira lituluka malaiki akafika chikwi, kapena makomenti akakwana mazana angapo. Amatero chifukwa Facebook imakankhira patsogolo zimene anthu akuzigwiragwira, ndipo tsamba likakhala chete masabata angapo limayamba kusowa pamaso pa owerenga. Choncho owerenga anaphunzitsidwa kuti phokoso ndilo limatulutsa gawo. Akamakuwa sakuona kuti akuvutitsa munthu, akuona ngati akugwira mbali yawo ya pangano.

Ndiye panabwera ndalama. Wina anapempha nambala kuti anditumizire "ya bandulo". Ena anatsatira, wina pa Mpamba wina pa Airtel Money. Sizinali ndalama zoti n'kugulira thumba la chimanga, koma zinkathandiza, ndipo ndinkathokoza. Kungoti tsiku limene ndinachedwa chifukwa cha malungo, mmodzi mwa iwo analemba poyera kuti: "Ife tinalipiratu." Ndinamubwezera ndalama yake pamodzi ndi yotapira. Sanasiye kuwerenga, sanasiyenso kudandaula.

Bwato

Kumayambiriro kwa March 2023 nthano inafika pokoma. Namwino uja anamva kuti mwamuna wake wavulala kutsidya, ndipo analemba ganyu bwato usiku kuti awoloke. Ndinalemba mvula ikuyamba, namasupuni akukola nkhafi, mvuu ikulira chapatali, wopalasa akuyamba kutukwana ndi mantha. Pa mzere womaliza madzi anayamba kulowa m'bwato. Ndinalekezera pomwepo, ndikuseka ndekha, podziwa kuti anthu sagona.

Sabata yomweyo isanathe, Freddy anafika kachiwiri kumtunda ku Mozambique, pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula inagwa masiku otsatizana kum'mwera kuno. Pa 13 March boma linalengeza kuti kuli ngozi yogwa mwadzidzidzi. Madzi ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre ali ndi njira imodzi yotsikira, ndiyo kuno kwathu, kudzera mu Ruo, Shire ndi timitsinje tonse ta m'mapiri. Msewu wa M1 unaduka, sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa. Anthu oposa 600,000 m'dziko muno anasowa pokhala. A ku Makhanga anali ataziona kale mu 2015 ndi 2019, koma amayi amati madzi a ulendo uno analibe ulemu ndi pamene pomwe tinkati mpokwera.

Msuweni wanga anapezeka ali moyo, atakhala mumtengo. Mnzake amene anali naye sanapezeke.

Zinthu zitayamba kukhazikika ndinatsegula foni kuti ndipitirize. Nthawi inalipo tsopano, poti sukulu zinali zisanatsegulidwe. Mutu wa gawo ndinalemba. Kenako zala zinauma. Ndinali nditakonza kale mmene zidzathere: bwato litembenuzika, mtsikana agwira bango, kukacha asodzi amupeza. Zinali zophweka mu February. Tsopano m'nyumba mwanga munali anthu amene akamva mvula padenga ankadzuka n'kuyamba kumanga katundu. Mwana wa mlamu wanga ankakana kusamba m'beseni. Ndikanatenga bwanji madzi omwewo n'kuwasandutsa chokometsera nthano, kuti munthu wa ku Area 25 awerenge akumwa tiyi n'kulemba "next"?

Ndinayesa kudumpha, kuti gawo lotsatira liyambe mtsikana ali kale kuchipatala. Linamveka bodza. Ndinayesa kulemba zenizeni monga ndinazimvera kwa azakhali. Linamveka ngati ndikuba maliro a eni ake. Ndinatseka foni.

Pa tsamba ndinangolemba kuti ndili ndi mavuto a pakhomo, ndibwera. Tsiku loyamba anthu anapepesa. Sabata yotsatira anayambiranso. Wina anati mavuto aliyense ali nawo. Wina anati olemba a ku Malawi ndi choncho, sadziwa kumaliza. Wina anafunsa mwaulemu ndithu kuti ndingomuuza m'bokosi ngati mtsikanayo amira kapena ayi, sauza munthu.

Pansi pa mtengo wa nimu ku Ngabu

Inali nyengo yogulitsa thonje. Ndinkapita ku Chikwawa boma, ndipo minibasi yathu inaima pa Ngabu kuti akonze tayala. Tinatsika n'kukhala pamthunzi wa nimu, pamene anyamata a kabaza amadikirira anthu. Panalinso mayi wogulitsa masau ndi bambo wachikulire amene anali ndi dengu la milamba yowamba, akudikira galimoto yopita kumtunda.

Mnyamata wina anali ndi foni yosweka galasi, anzake atamuzungulira. Ankawerenga mokweza, akusintha mawu akafika pa munthu wina. Sindinkamvetsera mpaka nditamva dzina la namwino wanga. Kenako la apongozi. Mtima unagunda kuti phaa.

"Gawo lomaliza ili, khalani chete," anatero mnyamatayo.

Gawo lomaliza limene ine sindinalembe.

Bwato linatembenuzika ndithu. Koma mwamuna wovulala uja anatulukira mumdima akusambira, anamenya ng'ona ndi nkhafi, anabereka mkazi wake kumsana mpaka kumtunda. Apongozi anagwada m'matope kupempha chikhululukiro. Ndime yotsatira unali ukwati ku Blantyre, magalimoto ndandanda, perekaniperekani mpaka usiku. Zonsezi m'gawo limodzi. Anyamata anaomba m'manja, wina analiza belu la njinga.

Ine pakamwa panali patauma. Ndinkafuna kulanda foniyo. Anthu amene ndinawalera zaka ziwiri, wina wawathamangitsa ngati mbuzi zopita kumsika.

"Bola yatha," anatero wina. "Wolemba woyamba uja anatithawa."

"Anakwatiwa ameneyo," anayankha mayi wa masau. "Bambo akunyumba amulanda foni."

Onse anaseka. Wowerenga uja anatembenukira kwa ine. "Asisi, inu mumaitsatira imeneyi?"

Ndinati ndinaimvapo.

Apa ndi pamene bambo wa milamba analankhula, osakweza mawu. "Walemba zimenezo sanakwerepo bwato."

"Aaa madala, ndi nthano iyi."

"Nthano, inde. Koma madzi akadzaza usiku mnzako sumuona, umangomva mawu. Ndipo mawuwo sakhala pamalo amodzi, amapita. Iwe ukuti wabereka munthu kumsana? Mwana wako weniweni amakupulumuka m'manja."

Belu la njinga silinalirenso. Bamboyo anayamba kufotokoza za usiku wa mu March, kwawo m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Anati anawolotsa anthu maulendo angapo kupita nawo pachulu chachikulu. Anafotokoza mmene amakhazikira anthu m'bwato, olemera pakati, ana pansi, ndi kuti amene amagubuduza bwato kawirikawiri si madzi koma munthu wamantha amene waimirira. Anati nkhafi inali yopanda ntchito chifukwa madzi ankathamanga m'minda ya chimanga, ankangogwira mitengo n'kumadzikoka. Pa ulendo womaliza anatenga mayi wina ndi ana, ndipo atafika pamene panali mpanda wa khola lomira...

Analekezera pomwepo. Anayang'ana dengu lake, anakonza nsomba imene inali bwinobwino kale. Tinakhala chete. Anyamata omwe aja, amene mwina usiku wathawo analemba "next" pa tsamba langa, palibe ndi mmodzi yemwe anati madala malizani. Wowerenga uja analowetsa foni m'thumba. Mayi wa masau anatapa masau m'mbale n'kuwapatsa bamboyo, iwo anati takhuta. Patapita kanthawi galimoto yawo inafika, anyamata awiri anawanyamulira dengu.

Nkhani ya bamboyo inali yokoka mtima kuposa yanga, ndipo analekezera pamalo oipa kuposa pamene ndinalekezera ine. Aliyense pamthunzi paja ankafuna kudziwa za mayi uja ndi ana ake. Inenso ndinkafuna, mpaka lero ndimafuna. Koma tinaona nkhope yawo. Anyamata aja si ankhanza, ndi ana oleredwa bwino. Pa Facebook amaona dzina lopeka ndi chithunzi cha duwa, ndiye amalankhula ndi duwalo.

Amene anamaliza

Sizinavute kumupeza. Gawolo linayambira m'gulu lina la WhatsApp la owerenga anga, ndipo nditafunsa modekha anandilozera. Anali mtsikana wa Fomu 3 pa sukulu ina m'boma la Chikwawa. Nditamulembera kuti ndine mwini nthano, anayankha ndi mauthenga otsatizana: "Pepani anti. Sindinkafuna kuba. Anzanga amandivutitsa kuti ndiwauze mmene ndikuganizira kuti zithera. Musandiyalutse anti."

Madzulo ake ndinawafotokozera azakhali, ndikuyembekeza kuti andigwirizira mkwiyo. Iwo sadziwa kuwerenga, koma filimu ija anaionera nafe ndipo nthano yanga ankaimva mlamu akamawerenga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga iwe, anthu a m'filimu aja unawapempha kwa yani?"

Ndinalibe yankho. Mtsikanayo anachita kwa ine zimene ine ndinachita kwa amwenye aja: nkhani inaima, mtima unakana, anatenga cholembera. Chimene ndinamupempha n'chimodzi, kuti pamwamba pa gawolo alembe kuti mathero awa ndi ake, osati anga. Anatero, ndi dzina lake lopeka. Ndinamuuzanso kuti ng'ona sithawa nkhafi, anaseka.

Kunena zoona gawo lakelo linali lothamanga, koma munali mzere umodzi wa apongozi umene ndinachita nawo nsanje.

Kachizindikiro kofunsa

Nditabwerera ku AO3 pambuyo pake, ndinaona zinthu zimene ulendo woyamba sindinazisamale. Pamwamba pa nthano iliyonse amalemba chiwerengero cha magawo. Yomalizidwa imaoneka ngati 20/20. Imene wolemba sakudziwa kuti idzatha liti imaoneka ngati 12/?, ndipo ikhoza kukhala choncho zaka. Wowerenga amene safuna kusiyidwa panjira amatha kusankha kuti azingoona zomalizidwa zokha. Wolemba amene watopa ndi nthano yake, koma safuna kuifufuta, amatha kuchotsapo dzina lake n'kuisiya kuti anthu aziwerengabe. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe losapanga phindu la Organization for Transformative Works, limene linakhazikitsidwa mu 2007, ndipo salola kuti wolemba azipemphapo ndalama. Mu 2019 AO3 inalandira mphoto ya Hugo, imene ndi yaikulu pa zolemba za sayansi yongopeka.

Sikuti kumeneko kulibe okakamiza. Alipo, ndipo olemba akumeneko amadandaula ndi makomenti ofunsa gawo lotsatira monga momwe timadandaulira ife. Koma kachizindikiro kofunsa kaja kamanena zoona kuyambira tsiku loyamba: wolowa muno alowe akudziwa kuti mwina sitikafika. Ife pa Facebook tilibe zimenezo. Tili ndi malonjezo a Lachiwiri ndi Lachisanu.

Ena amakonda kunena kuti ngakhale olemba otchuka ankamvera owerenga. N'zoona. Arthur Conan Doyle anapha Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nthano zake, mu 1893 atatopa naye, anthu anadandaula kwa zaka, ndipo mu 1903 anamuukitsa. Koma iye magazini ankamulipira ndalama zochuluka kuti atero. Wolemba fan fiction sangagulitse n'komwe nthano yake, poti anthu a m'nthanomo ali ndi eni ake. Amalemba chifukwa chokonda, ndi bandulo yogula yekha, pa nthawi imene akanagona. Chikondicho chikaphwa, kapena moyo ukamupanikiza, palibe china chomugwira. Ndipo nthano yomalizidwa mokakamizidwa imadziwika: anthu amene anadana magawo makumi atatu amakhululukirana m'ndime imodzi, woipa amagundidwa ndi galimoto, wosabereka amabereka mapasa. Owerenga omwe ankakuwa aja ndi amene amayamba kunena kuti adimini mwaononga.

Komabe sindigwirizana ndi anzanga ena olemba amene amati owerenga tilibe nawo ngongole iliyonse. Munthu amene wagula bandulo ya tsiku ndi ndalama ya ganyu kuti awerenge gawo lako wakupatsa kanthu. Mayi wa ku Mzuzu uja anandipatsa madzulo ake ambiri. Mathero sindingawalonjeze, koma kungozimiririka osanena kanthu, anthu n'kumatsegula tsamba Lachisanu lililonse, kumeneko n'kuwalakwira. Ayenera kuuzidwa pamene zinthu zili, ngakhale osauzidwa chifukwa chake.

Mmene zilili pano

Nthano ya bwato sindinaimalize. Pamwamba pa tsamba ndinakhomapo uthenga wonena kuti yaima, sindikudziwa ngati idzapitirira, ndipo amene akufuna kulemba mathero ake alembe, bola aikepo dzina lake. Anthu angapo analemba. Wina anamiza mtsikanayo ndipo anatukwanidwa sabata yathunthu. Wina anapangitsa kuti zonse zikhale maloto, amenewo sindinawakhululukire. Owerenga ena anachoka pa tsamba, ndipo chiwerengero sichinabwererenso pamene chinali.

Ndinayamba ina, ya anthu anga ndekha, yochitikira pa sitima ya pamtunda ya kale ija imene inkadutsa pa Chiromo madzi asanadule njanji. Iyi ndimalemba magawo angapo kaye ndisanaike loyamba, sinditchula tsiku, ndipo nambala ya ndalama ndinaichotsa. Amadandaulabe. "Next" sanathe. Kungoti ndikamuona tsopano ndimaganiza za mnyamata wa foni yosweka galasi, ndipo nthawi zina ndimayankha kuti achimwene, lero kwatentha, foni ikuzima. Ambiri amayankha bwino ukawauza za thukuta lako. Ena ayi.

Mtsikana wa ku Chikwawa uja anatsegula tsamba lake. Amalemba za oimba a ku Korea amene iye ndi anzake amawakonda, atawasandutsa ana a sukulu yogonera komweko. Ine sindimvetsa theka la zimene zimachitika m'menemo, koma owerenga ake apitirira anga. Atafika Fomu 4, mayeso a MSCE atayandikira, anandilembera usiku.

"Anti, akundivutitsa. Ndawauza kuti ndili ndi mayeso koma akuti ndingoika kamodzi kokha. Wina akuti achoka onse."

Ndinamuuza kuti alembe uthenga woti nthano yaima mpaka mayeso atatha, aukhome pamwamba, apereke foni kwa mayi ake. Ndinamuuza kuti ochokawo achoke, satifiketi sadzamulembera ndi iwo. Anati chabwino anti, mwanena zoona, ndichita zimenezo pompano.

M'mawa mwake nditatsegula Facebook ndinapeza waika gawo latsopano 1 koloko usiku, lalitali kuposa onse. Pansi pake komenti yoyamba inali "next".